Injini ya njinga yamoto imene inasintha galimoto zampikisano

Mu 1946, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha, ku Britain zinthu zinali zovuta. Petulo ankagulitsa mochita kuyeza, chitsulo chinkasowa, ndipo galimoto yampikisano inali ya anthu achuma okhaokha. Koma m'galaja ina yaing'ono ku Surbiton, kufupi ndi London, Charles Cooper ndi mwana wake John sanafune kudikira kuti zinthu ziyambe zayenda bwino.

Anatenga mbali zakutsogolo za galimoto ziwiri zowonongeka za Fiat Topolino n'kuzilumikiza, ina kutsogolo ina kumbuyo. Injini anaika ya njinga yamoto ya JAP, ya 500cc, ya pisitoni imodzi yokha. Apa ndi pamene panagona nkhani. Njinga yamoto imayendetsa teyala lakumbuyo ndi tcheni, ndipo tcheni sichifuna mtunda wautali. Choncho injiniyo anaikhazika kumsana kwa woyendetsa, pafupi ndi mateyala akumbuyo, pomwe galimoto zambiri zampikisano za nthawiyo zinali ndi injini kutsogolo. Woyendetsa ankakhala pansi penipeni, miyendo itatambasuka mpaka kumphuno kwa galimoto, injini ikunjenjemera kumsana kwake.

Sikuti a Cooper ndiwo anayamba kuika injini ya njinga m'galimoto. Kuyambira 1910, H.F.S. Morgan ankagulitsa tigalimoto ta mateyala atatu tokhala ndi injini za JAP. M'zaka zotsatira injiniyo inkakhala poyera kutsogolo, yosavindikira, kuti mphepo iziiziziritsa. Msonkho wake unali wotsika, ndipo toyambirira tinalibe giya yobwerera m'mbuyo: mwini wake akalowa pothina ankatsika n'kukankha. Tigalimoto tambiri ta mtundu wotere tinatha msika galimoto ya Austin 7 itabwera mu 1922. Ku Germany nako, BMW inaika injini ya njinga yake mu Isetta, kagalimoto kolowera chitseko chakutsogolo, kamene inapanga kuyambira 1955 mpaka 1962.

Koma chimene anachita a Cooper chinapita patali kuposa zonsezi. Oyendetsa anaona kuti kagalimoto kopepukako kamakhota bwino chifukwa kulemera kwake kuli pakati. Stirling Moss anagula kake mu 1948 ali ndi zaka 18 ndipo anayamba kupambana. Mu 1950 mipikisano ya 500cc inavomerezedwa padziko lonse ngati Formula 3, ndipo ambiri anasamukira ku injini za Norton. A Cooper anakulitsa galimoto zawo, anasintha injini, koma m'galimoto zawo zambiri malo ake sanasinthe. Mu 1958 Moss anapambana Grand Prix ya ku Argentina ndi Cooper ya injini yakumbuyo, kenako Jack Brabham anatenga ukatswiri wa Formula 1 mu 1959 ndi 1960. Ferrari, imene inkakakamira injini yakutsogolo, inagonja n'kuika nayo injini kumbuyo mu 1961. Ine ndimaona kuti amakaniko a ku Surbiton aja satamandidwa mokwanira, chifukwa anaphunzitsa makampani akuluakulu ntchito yawo yomwe.

Luso loika injini ya njinga m'galimoto lidakalipo. Suzuki itatulutsa njinga yamoto ya Hayabusa mu 1999, injini yake ya 1300cc inalowa m'galimoto za Radical ndi Westfield, ndiponso m'zambiri zomangira kuseri kwa nyumba. Omanga amaikonda poti ndi yopepuka, imabwera ndi magiya ake, ndipo imazungulira kupitirira ka 10,000 pa mphindi. Mavuto ake nawo amadziwika. Giya yobwerera m'mbuyo palibe, ena amachita kuikira kamota kamagetsi. Oyilo ndiye amavutitsa kwambiri: njinga imapendekeka pokhota, oyilo n'kukhalabe pansi pa injini, koma galimoto sipendekeka, ndiye oyilo amathawira mbali imodzi, pampu n'kumakoka mpweya. Wosakonza zimenezi injini imamuphwanyikira msanga. Ndipo galimoto ikalemera, injini ya njinga imavutika ponyamuka, kilatchi n'kumapsa.

Galimoto ya injini yakutsogolo inapambana komaliza m'mipikisano ya ukatswiri wa Formula 1 ku Monza mu 1960, ikuyendetsedwa ndi Phil Hill. Kuchokera pamenepo, onse opambana akhala ndi injini kumsana.