Cara Black

Cara Black ndi mayi wa ku Zimbabwe yemwe ankasewera tenisi ngati ntchito mpaka pamene anapuma mu 2015. Anabadwira ku Harare pa 17 February 1979, mzindawo ukadali kutchedwa Salisbury. Bambo ake, a Don Black, anasewerapo ku Wimbledon m'zaka za m'ma 1950, ndipo anakonza mabwalo a kapinga pafamu yawo ya mapeyala. Pamenepo ndi pomwe Cara ndi achimwene ake, Byron ndi Wayne, anaphunzirira masewerowa.

Ndikuona kuti Cara ayenera kuwerengedwa pakati pa akatswiri akuluakulu a tenisi omwe Africa inatulutsapo. Pamasewero a awiriawiri a amayi anapambana ku Wimbledon mu 2004 ali ndi Rennae Stubbs, kenako ali ndi Liezel Huber anatenga Wimbledon mu 2005 ndi 2007, Australian Open mu 2007 ndi US Open mu 2008. Pamasewero ophatikiza mwamuna ndi mkazi anapambana m'mipikisano yonse inayi ikuluikulu, n'kutenga zikho zisanu: French Open ya 2002 ndi Wimbledon ya 2004 ali ndi Wayne, zitatu zina ali ndi Leander Paes wa ku India. Pamasewero a awiriawiri a amayi anakhala pa nambala 1 padziko lonse kwa masabata 163. Otsutsa amati posewera yekha sanapitirire nambala 31, choncho ulemu wake ndi wogawana ndi ena. Koma anzake ankasinthasintha, iye n'kumapambanabe. Chomwe sichinasinthe ndi manja ake ofulumira pafupi ndi ukonde, luso lomwe kapinga amaphunzitsa chifukwa mpira umathamanga motsika.

Mfundo ina yotsutsa ndi yolemererapo: anakulira pabanja lomwe linali ndi malo, mabwalo ndi mphunzitsi pakhomo pomwepo, mwayi womwe mtsikana wa ku Bolero kapena ku Nchenachena m'boma la Rumphi sangaupeze mosavuta, ngakhale atabadwa ndi mphatso yomweyo. Zimenezi ndi zoona, ndipo zimapweteka. Komabe mwayiwo ukufotokoza chiyambi chokha. Sukufotokoza momwe Cara anabwererera m'bwalo atabereka mwana mu 2012, n'kukapambana mpikisano wa amayi wotsekera chaka wa WTA ku Singapore mu 2014 ali ndi Sania Mirza, pamene anali ndi zaka 35.