Comwe Cimacititsa Kalavani Kugwedezeka Kumbuyo kwa Galimoto

Galimoto zoyendera mawilo onse anai, monga Land Cruiser ndi Hilux, zimathandiza kukoka makalavani a cimanga, soya ndi feteleza m'misewu ya fumbi ya boma la Vubwi. Komabe mphamvu ya galimoto siiletsa kalavani kugwedezeka uku ndi uku, makamaka woyendetsa akafika pa tala, monga pa msewu wa Great East umene umadutsa ku Katete ndi ku Sinda, n'kuyamba kuthamanga.

Cimene cimayambitsa vutoli kawirikawiri ndi kapakidwe. Katundu wolemera akaculuka kumbuyo kwa mawilo a kalavani, kutsogolo kwake kumapepuka ndipo imayamba kukankha galimoto cam'mbali. Liwiro, matsitso, matayala opanda mpweya wokwanira ndi mphepo ya malole akuluakulu opita ku malire a Chanida zimakulitsa ngoziyi. Popeza galimoto zoterezi n'zazitali, zingathe kugubuduka msanga.

Matumba olemera aikidwe pansi, pamwamba pa mawilo kapena patsogolo pake pang'ono, ndipo amangidwe zolimba. Polumikizira pazilemera magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwa kalavani yonse, ndipo kalavaniyo isapendekeke.

Kalavani ikayamba kugwedezeka, musaponde mabuleki mwadzidzidzi. Cotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, gwirani ciwongolero mowongoka mpaka liwiro litsike, kenaka imani pambali ndi kukonzanso katunduyo musanapitirize ulendo.