Dziko limene linasintha dzina masewera ali mkati

Masewera a Olimpiki a ku Tokyo atatsegulidwa pa 10 Okutobala 1964, pakati pa maiko amene anaguba m'bwalo panali Northern Rhodesia. Pofika pa 24 Okutobala, tsiku lotsekera, dziko la dzina limenelo kunalibenso. Anthu omwewo, ovala zovala zomwezo, analowa m'bwalo pambuyo pa chikwangwani cholembedwa Zambia ndi mbendera yatsopano yokhala ndi nkhwazi pakona.

Palibe amene anakonza kuti zichitike motero, masiku anangokumana. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chitatha pa 31 Disembala 1963, Malawi nalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo tsiku la abale athu a kumadzulo linagwa pa 24 Okutobala. Mbendera ya Angerezi inatsitsidwa ku Lusaka pakati pa usiku, pamene ku Tokyo, kumene nthawi ili patsogolo ndi maola 7, kunali kutacha. Motero mbendera imene inali isanathe ndi tsiku limodzi lomwe inaonekera pamaso pa dziko lonse lapansi madzulo ake. Kwa ife okonda mawu, nkhani yagona pa chikwangwanicho: dzina la Cecil Rhodes, munthu mmodzi wochokera kutsidya la nyanja, linasiyira malo dzina lochokera ku mtsinje wa Zambezi.

Mendulo sinabwere nthawi imeneyo, ndipo inachedwa zaka 20. Mu 1976 Zambia inakana kupikisana ku Montreal, pamodzi ndi maiko ambiri a mu Africa, pokwiya kuti New Zealand yaloledwa ngakhale timu yake ya rugby inali itakasewera ku South Africa ya tsankho. Ena amati kunali kulanga othamanga osalakwa. Ine ndimaona kuti dziko limene linkasunga omenyera ufulu mu Lusaka silikanatha kuchitira mwina, ngakhale mtengo wake unagwera achinyamata amene mwayi wawo unapitiratu. Ku Los Angeles mu 1984 ndi kumene Keith Mwila, wankhonya wa gulu la opepuka kwambiri, anapata mendulo yoyamba, ya bronze.

Koma funsani achikulire a ku Chipata kapena ku Kitwe chimene amakumbukira, adzakuuzani za mpira wa mu 1988 ku South Korea, pamene Zambia inakwapula Italy zigoli 4 kwa 0, zitatu mwa izo zomwetsa Kalusha Bwalya. Mu ndime yotsatira West Germany inawabwezera chiwerengero chomwecho, mendulo osaoneka. Chowawa n'chakuti ena mwa anyamata a timu imeneyo ndi amene anafa pa ngozi ya ndege kufupi ndi Libreville, ku Gabon, mu Epulo 1993.

Tokyo ndi Zambia zinakumananso. Mu 1991, m'bwalo lomwe lija mbendera inaonekera koyamba, Samuel Matete anakhala katswiri wa dziko lonse pa liwiro la mamita 400 lodumpha zotchinga. Umenewo sunali mpikisano wa Olimpiki. Ya Olimpiki anaipeza ku Atlanta mu 1996, ya siliva, atatsogoleredwa ndi Derrick Adkins wa ku America. Ndipo mu 2021, pa Olimpiki ina ya ku Japan, Barbra Banda anagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana, polimbana ndi Netherlands ndi China.

A ku Malawi tinayamba mu 1972 ku Munich ndipo tikudikirabe. A ku Mozambique ali ndi golide wa Maria Mutola wa ku Sydney mu 2000. Mendulo yachitatu ya Zambia inabwera ku Paris mu 2024, pamene Muzala Samukonga anamaliza wachitatu pa mamita 400 m'masekondi 43.74, patapita zaka 28 chiyambire pa siliva wa Matete.