Zipilala za Njala ya ku Ireland mu Mzinda wa Glasgow

Sabata ino tiyeni tilingalire za nkhani yochokera kutali, ku dziko la Scotland, imene ikutifunsa funso lovuta: kodi anthu amene anafika m'dziko la eni pothawa tsoka ali ndi ufulu womanga chipilala chokumbukira akufa awo, ngakhale pamene eni dzikowo akuona ngati chipilalacho chidzutsa chidani?

Mu chaka cha 1845 matenda a chiwawu anagwira mbatata ya kachewere ku Ireland. Amphawi a dzikolo, ambiri mwa iwo Akatolika olima pa minda ya eni malo olemera, ankadalira mbatatayi monga momwe ife timadalira chimanga. Mbewu inaola m'nthaka zaka zingapo zotsatizana. Pofika 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oposa 1 miliyoni anali atasamuka. Nthawi imeneyo Ireland inkalamulidwa kuchokera ku London, ndipo pamene anthu ankafa, zombo zinkapitirizabe kunyamula tirigu ndi ziweto kupita nazo kunja. N'chifukwa chake zidzukulu za anthuwo zimati chiwawu chinaoletsa mbatata, koma njala inakula chifukwa cha kuuma mtima kwa olamulira. M'chinenero chawo amaitcha An Gorta Mór, kutanthauza Njala Yaikulu.

Amene analibe ndalama zokafikira ku America anaoloka nyanja yaing'ono n'kukatsikira ku Glasgow. Kalembera wa 1851 anapeza kuti pa anthu 100 alionse a mumzindawo, pafupifupi 18 anabadwira ku Ireland. Makolo athu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo awa sanakamuke. Anakhazikika, nagwira ntchito m'migodi ya malasha, m'madoko ndi m'mafakitale, namanga matchalitchi ndi sukulu. Mu Novembala 1887, mu holo ya parishi ya St Mary's ku Calton, Brother Walfrid wa chipani cha Marist, chomwe chimayendetsanso sukulu kuno ku Malawi, anayambitsa timu ya mpira ya Celtic kuti ndalama zapakhomo zizigulira chakudya ana osauka.

Komabe m'dziko limene anthu ambiri anali a mpingo wa Presbyterian, alendowa sanalandiridwe ndi manja awiri. Mu 1923 komiti ina ya Church of Scotland inatulutsa lipoti lonena kuti mtundu wa anthu a ku Ireland ndi chiopsezo kwa mtundu wa Scotland. Panapita zaka 79 kuti msonkhano waukulu wa mpingowo, mu 2002, uvomereze poyera kuti maganizo amenewo anali atsankho. Chidanicho chinapeza malo m'mabwalo a mpira, pakati pa ochemerera Celtic ndi ochemerera Rangers.

Mu 2001 Akatolika anamanga mtanda wa mwala wokumbukira njalayo ku Carfin, pa malo opatulika a Amayi Maria a ku Lourdes. Nduna yaikulu ya Ireland, a Bertie Ahern, inayenera kudzautsegulira mu Febuluwale, tsiku lomwe Celtic inkasewera ndi Rangers. Phungu wina, a Frank Roy, anachenjeza kuti pangathe kubuka ziwawa, ndipo ulendowo unalephereka. Anthu ambiri anachita manyazi kuti mlendo wolemekezeka sangathe kupempherera akufa mwamtendere. A Roy anatula pansi udindo umene anali nawo wothandizira nduna, ndipo a Ahern anadzatsegulira mtandawo mu Juni chaka chomwecho. Patapita zaka zochepa, ochemerera ena anayamba kuimba nyimbo yonyoza zidzukulu za othawa njala, yowathamangitsira ku Ireland, mpaka mu 2009 khoti la apilo linagamula kuti nyimboyo ndi yosankhana mitundu.

Mu 2012 khonsolo ya Glasgow inavomereza zomanga chikumbutso mumzindawo, ndipo mtsutso unakula. Mbali ina inkati chikumbutsocho chikhale cha onse. Chiwawu chomwecho chinasakazanso mapiri ndi zilumba za kumpoto kwa Scotland kuyambira 1846, ndipo anthu akumeneko, ambiri mwa iwo Apulotesitanti, nawonso anathawira ku Glasgow. Ngakhale ku Ireland komweko njala sinkafunsa mpingo wa munthu. Apulotesitanti a ku Ulster anafanso. Mbaliyi inkaopa kuti chipilala cha gulu limodzi chidzasanduka mbendera ya timu imodzi.

Mbali inayo inkayankha kuti kuphatikiza masoka awiriwa ndi njira yobisira choonadi mwaulemu. Kumpoto kwa Scotland thandizo linafika ndipo amene anafa anali ochepa, pamene ku Ireland anthu ankaikidwa m'manda a chigulu opanda bokosi. Ankanenanso kuti mizinda ya Boston, Liverpool, Sydney ndi New York inamanga kale zikumbutso za njala ya ku Ireland popanda kupepesa kwa munthu, nanga Glasgow ikuopa chiyani? Kwa iwo, kukana kutchula dzina la tsoka lawo kunali kupitiriza mwano wakale uja.

Mapeto ake zikumbutso zinakhala ziwiri. Mu 2018 khonsolo inatsegula chake pa Glasgow Green, chokumbukira njala ya ku Ireland pamodzi ndi ya kumapiri a Scotland. Komiti ya zidzukulu za anthu a ku Ireland inasonkha ndalama payokha, ndipo mu Julayi 2021 inavundukula chipilala chotchedwa Tower of Silence, chosulidwa ndi John McCarron wa ku Donegal, pa bwalo la tchalitchi cha St Mary's, pomwe paja Brother Walfrid anayambira ntchito yake.

Ndani anali wolondola? Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zinagwira gawo la choonadi. Mtendere wogulidwa ndi kuiwala sukhalitsa, pakuti chilonda chophimbidwa chisanatsukidwe chimatukusira. M'buku la Yoswa, Aisraele ataoloka Yordano analamulidwa kuimika miyala 12 kuti ana awo akadzafunsa adzauzidwe zimene zinachitika. Nayenso Eklezia amatchula mayina a akufa pa Misa chifukwa munthu aliyense ndi wamtengo wapatali pamaso pa Mulungu. Choncho amene anakana kuti akufa awo asungunuke m'mawu osatchula kanthu sanalakwe.

Koma mwala womwewo ukhoza kugwiritsidwa ntchito pogenda mnzako. Buku la Deuteronomo limakumbutsa Aisraele za ukapolo wawo ku Ejipito ndi cholinga choti azikonda mlendo, osati kuti azisunga mangawa ndi Aejipito. Mnyamata wa Chipulotesitanti wa lero ku Glasgow sanaoletse mbatata ya munthu, ndipo mwina agogo ake anafika pa doko lomwelo ali ndi njala yomweyo. Chikumbutso chimene chimamuuza kuti iye ndi mdani chalephera ntchito yake.

Ife amene agogo athu amatisimbira za njala ya 1949, ndiponso amene makolo athu anagawana minda ndi othawa nkhondo ochokera ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, tikudziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Brother Walfrid anabadwa mu 1840 ku Sligo, ndipo njalayo anaiona ndi maso ake ali mwana. Pokumbukira zimene anaonazo, iye anadyetsa ana anjala. Pa msonkhano wathu wa achinyamata Lamulungu likudzali, aliyense abwere ndi dzina la wakufa mmodzi amene banja lake linasiya kumutchula, kuti timupempherere, komanso dzina la mlendo mmodzi wa m'dera lathu amene tingamuyendere. Ambuye awapatse mpumulo wosatha onse amene anafa ndi njala, a mpingo uliwonse. Amen.