Mitundu ya Khansa ya Lymphoma M'chigawo Chathu cha Africa

Lymphoma ndi khansa yoyambira m'maselo oyera a m'magazi, amene amateteza thupi ku matenda. Ili ndi mitundu ingapo, ndipo kufala kwake kumasiyana pakati pa ana ndi akulu.

Mwa ana a m'Malawi ndi maiko oyandikana nawo, mtundu wofala kwambiri ndi wa Burkitt, umene dokotala Denis Burkitt anaufotokoza mu 1958 ali ku Uganda. Umapezeka makamaka m'madera a malungo ochuluka, ndipo umagwira anyamata koposa atsikana. Nsagwada, diso kapena mimba zimatupa, ndipo chotupacho chimakula m'masiku owerengeka.

Mwa akulu, wofala kwambiri ndi wa diffuse large B-cell, makamaka mwa amene ali ndi kachirombo ka HIV. Wa Hodgkin ndi wosowerapo. Zizindikiro zake, monga mwanabele wa m'khosi, kuonda ndi thukuta la usiku, zimafanana ndi za chifuwa chachikulu. Motero ambiri amazindikiridwa mochedwa.

Ikapezeka msanga, khansayi imachizika mwa odwala ambiri. Chithandizo chimaperekedwa pa zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Chotupa chikamakula osaphwa, ngakhale chisamapweteke, wodwala apite naye kuchipatala mosazengereza.