Dziko Likagwedezeka, Alemba Ndani?

Nthawi ndi nthawi, ife okhala m'mbali mwa nyanja timadzidzimuka usiku malata akulira ndi mbale zikugundana pathandala. Mphindi isanathe, zonse zimakhala bata. Kukacha, nkhani imakhala yomweyo pamzikiti pambuyo pa swala ya Subuhi, padoko ndi pachitsime: wina akuti anamva, wina akuti anali m'tulo. Masiku ano achinyamata athu ophunzira amawonjezera funso limene makolo sankalidziwa, lakuti kodi chivomezi chimenechi chiyenera kukhala ndi tsamba lakelake pa Wikipedia, nkhokwe ija ya zidziwitso ya pa intaneti. Funsoli lingaoneke ngati la anthu osowa chochita, koma mkati mwake muli nkhani ya makoma amene ana athu amagona pansi pake. Kuti tiliyankhe bwino, tiyambe tachoka kunyanja ndi kukwera ku Nzama, m'boma la Ntcheu.

Nzama ndi malo a kumtunda, pafupi ndi malire a Mozambique. Mu Julayi 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, a Pierre Bourget, a Augustin Prézeau ndi a Antoine Winnen, anafika kumeneko m'dziko la mfumu Njobvuyalema nayambitsa mishoni ya Chikatolika. Mayina awo ndi mwezi umene anafika tikuzidziwa lero chifukwa anthuwa ankasunga buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo olemba mbiri akhala akutapa m'bukulo. Pa nthawiyo Chisilamu chinali chitakhazikika kale kunyanja. Jumbe Salim bin Abdallah anali atafika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo mfumu Makanjila inalowa Chisilamu cha m'ma 1870. M'mabwalo a mafumu athu munali alembi olemba makalata m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu. Cholembera tinali nacho ansembe aja asanafike. Chimene sichinazike mizu pakati pathu ndi chizolowezi cholemba zochitika za m'mudzi ndi kuzisunga pamalo amodzi, kuti mdzukulu adzazipeze.

Pali chifukwa china chimene tayambira ku Ntcheu. Kuchokera kumtunda kwa Nzama, dziko limatsika chakum'mawa kulowa m'chigwa cha Bwanje, kenaka kunyanja. Kutsika kumeneku ndi m'mphepete mwa chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, mmene nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pachaka, ndipo nyanja yathu yadzaza m'mng'alu womwewo. M'munsi mwa mapiri a Ntcheu ndi Dedza mwadutsa mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita pafupifupi 100. Mu 1997 akatswiri awiri a za miyala, James Jackson ndi Tom Blenkinsop, anafotokoza chikweza chimene chimatsatira mng'aluwu, chofika mamita 15 m'malo ena, ndipo anasonyeza kuti utang'ambika wonse nthawi imodzi ukhoza kubweretsa chivomezi cha mphamvu yoyandikira 8. Pa muyeso umenewu, kukwera ndi nambala imodzi ndiko kuchulukitsa mphamvu pafupifupi ka 32. Chikwezacho ndi chipsera cha zivomezi zakale zimene munthu sanalembe. Chipoka, Malembo ndi Monkey Bay sizili kutali ndi mzere umenewu.

Zivomezi zimene zinalembedwa ndi zochepa, koma zikutiphunzitsa zambiri. Pa 13 Disembala 1910 kunachitika chivomezi cha mphamvu yoposa 7 kufupi ndi nyanja ya Rukwa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo chinamveka kufikira kwathu kuno. Usiku wa pa 10 Malichi 1989 chivomezi cha mphamvu yopitirira pang'ono 6 chinagwedeza Salima ndi madera oyandikana nawo. Anthu 9 anamwalira, pafupifupi 100 anavulala, ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Mu Disembala 2009 dziko la Karonga linagwedezeka mobwerezabwereza kuyambira pa 6, ndipo chachikulu, cha mphamvu ya 6.0, chinadza m'bandakucha wa pa 20. Anthu 4 anamwalira, nthaka inang'ambika poonekera, ndipo mabanja zikwizikwi anagona panja m'nyengo ya mvula. Pa 8 Malichi 2018 china cha mphamvu ya pafupifupi 5.5 chinachitika kufupi ndi Nsanje, chinamveka mpaka ku Blantyre, koma sichinasiye chiwonongeko chonga cha ku Karonga.

Zivomezi za ku Salima ndi ku Karonga zili ndi masamba ake pa Wikipedia ya Chingerezi. Lamulo la kumeneko ndi lakuti nkhani ipatsidwe tsamba ngati mabuku, nyuzipepala kapena malipoti odalirika anailemba mokwanira, ndiponso ngati zotsatira zake zinakhalitsa. Chivomezi chimene changogwetsa kapu pathebulo sichikwanira muyeso umenewo, ndipo ife sitikuona cholakwika pamenepa. Nkhokwe imene imalandira gaga ndi mankhusu pamodzi ndi chimanga imasanduka dzala. Wachinyamata wofuna kulemba tsamba la kagwedezeko kakang'ono ka dzulo timuuze mosabisa kuti sikayenera tsamba.

Komabe lamulo limeneli lili ndi mbali imene imatipweteka. Wikipedia siyamba yokha kulemba nkhani. Imabwereza zimene ena analemba kale. Kumene kuli atolankhani ambiri ndi makina ochuluka oyezera zivomezi, khoma likangong'aluka zimalembedwa. Kwathu kuno, kumene Dipatimenti ya Geological Survey ya ku Zomba imayang'anira dziko lonse ndi makina owerengeka, nyumba zikhoza kugwa m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja popanda wolemba chiwerengero chake. Zimene zinachitikira mabanja a ku Salima usiku uja wa 1989, nyumba zimene zinagwa ndi zimene zinapirira, zambiri zili m'mitu ya agogo athu, ndipo agogowo akutsikira kuli chete mmodzimmodzi. Pali Wikipedia ya Chichewa, koma ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ya Chingerezi, kotero kuti mayi wa ku Maganga wofuna kuwerenga za tsoka la kwawo amafunika womumasulira.

Kulemba zivomezi si mwambo wachilendo kwa Asilamu. Qur'an yolemekezeka ili ndi Surah yotchedwa ndi dzina la chivomezi, Al-Zalzalah, ya nambala 99, imene ana athu amaloweza kumadrasa. Imatikumbutsa za Tsiku la Chiweruzo, ndipo nkoyenera kuti dziko likagwedezeka mitima itembenukire kwa Allah. Koma ma Ulama akale sanaimire pomwepo. Imam Jalaluddin Al-Suyuti wa ku Cairo, amene anabadwa mu 1445 namwalira mu 1505, analemba buku lotchedwa Kashf al-Salsala, mmene anasanja zivomezi za zaka mazana ambiri, chilichonse ndi chaka chake ndi malo ake. Akatswiri a masiku ano amagwiritsa ntchito bukuli pofufuza madera a Egypt ndi Syria amene ali pachiopsezo. Munthu amene ankamasulira Qur'an ndi kusonkhanitsa Hadith anaona kuti kulemba tsiku limene khoma linagwa ndi ntchito yomuyenera.

Phindu la zolembazi limaoneka pomanga nyumba. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo nthaka nayo imabwerera pamene inang'ambika kale. Ku Karonga, nyumba zimene zinavutika kwambiri ndi za njerwa zomangidwa ndi matope, za makoma opyapyala ndi magebulo aataliatali opanda chowagwira, makamaka pa dothi lofewa la kufupi ndi nyanja. Pambuyo pa tsokalo boma ndi mabungwe othandiza anatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba: maziko akuya, ngodya zolumikizana bwino, mazenera osayandikira ngodya, ndi lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma, amene amisiri amati ring beam. Ife tikumanga mizikiti yotakata, ina yosanja, ndi zipinda za madrasa mmene ana ambiri amakhala pansi nthawi imodzi. Komiti imene ikudziwa kuti m'dera lake dziko linagwedezekapo kangati, siingavomere kuchotsa lamba uja pofuna kupulumutsa matumba a simenti.

Choncho yankho lathu ndi ili. Si chivomezi chilichonse chimene chiyenera tsamba pa intaneti, koma chilichonse chiyenera mzere umodzi m'buku lathu. Mzikiti uliwonse uli ndi mlembi amene amalemba ma nikah ndi zopereka. Kope limodzi lokha likukwanira kuti alembemo tsiku, nthawi, kutalika kwa kugwedezekako, makoma amene anang'aluka ndi mtundu wa njerwa zake, ndiponso ngati madzi a m'chitsime anasintha. Achinyamata amene ali ndi mafoni akhale pansi ndi agogo amene anaona za 1989, awajambule mawu, alembe, napereke ku magazini ngati ino, popeza chimene chasindikizidwa ndicho Wikipedia imatha kuchitchula. Akatero, alembe m'Chichewa masamba a Salima ndi Karonga, amene palibe angatsutse kuti ndi oyenera.

Anansi athu a ku Nzama akutha kuwerenga za masiku oyamba a mishoni yawo chifukwa wina ankatenga cholembera madzulo aliwonse, ngakhale pa masiku amene sipanachitike chachikulu. Tsiku limene mng'alu wa Bilila-Mtakataka udzagwedezeke akulidziwa ndi Allah yekha. Kope ndi cholembera zili pagolosale ya m'mudzi mwathu, ndipo mlembi wa mzikiti tidzakumana naye pa Ijumaa ikubwerayi, Insha Allah.