Galu wa agogo ndi galu wanga: mbiri ya galu kwathu kuno

Sabata yatha ndimaphunzitsa ana a Fomu 1 za kusamuka kwa makolo athu olankhula zinenero za Chibantu. Pa bolodi ndinalemba zinthu zimene anabwera nazo, monga luso losula chitsulo, kuumba mbiya, mapira, mawere ndi mbuzi. Mnyamata wina wa kumbuyo anakweza mkono nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga galu anabwera ndi ndani?" Anzake anafa nacho chiseko, koma ine ndinaona kuti funsoli ndi labwino kuposa ena amene timalemba pa mayeso. Linandikumbutsanso agalu awiri amene ndawadziwa bwino pa moyo wanga, wa agogo ku Machinga ndi wanga wa ku Balaka. Wa agogo anafa ndi ukalamba. Wanga anafa ndi umbuli wa mbuye wake.

Galu ndi chiweto choyamba cha munthu. Anachokera ku mtundu wa mimbulu ya kumaiko ozizira a ku Ulaya ndi Asia zaka zosachepera 15,000 zapitazo, anthu asanayambe n'kulima komwe. Ku Bonn-Oberkassel m'dziko la Germany anapeza manda a zaka pafupifupi 14,000 momwe galu anaikidwa pamodzi ndi anthu awiri. Mu Africa muno galu ndi mlendo. Mafupa akale kwambiri a galu anapezeka ku Egypt ndipo ndi a zaka zoposa 6,000 zapitazo. Kuchokera kumeneko anatsika pang'onopang'ono ndi abusa ndi alimi, mpaka cha m'ma 570 AD anali atafika kumpoto kwa South Africa. Poona njira zimene alimi osula chitsulo anadzera, zikuoneka kuti chigawo chathu chino anali atachidutsa kale. Chinenero nachonso chimachitira umboni. Anzathu Ayao amati mbwa, Aswahili mbwa, Ashona imbwa, kusonyeza kuti dzinali linayenda ndi anthu mtunda wautali.

Makolo anali ndi yankho lawolawo. M'nthano ya chilengedwe ya ku Kaphirintiwa, imene bambo Matthew Schoffeleers analemba, Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapeka moto n'kutentha tchire. Nyama zinathawira kutali zili ndi mkwiyo, koma galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu. Ndimaikonda nthanoyi chifukwa imati galu anadza kwa ife kudzafuna chitetezo. Ife timangowerengera zoti iye ndiye azitilondera.

Agogo anga aamuna ankakhala kufupi ndi Ntaja, ndipo anali ndi galu wofiirira, wowonda m'chiuno, wa mphuno yosongoka ndi mchira wopindika. Dzina lake anali Tilekeni. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti dzina la galu linali kalata yopita kwa anansi. Agogo akakwiya ndi akuchikazi, ankangoima pakhonde n'kukuwa kuti "Tilekeni! Tilekeni!" ndipo uthenga unkafika popanda mlandu. Galuyu ankapirikitsa anyani ndi nguluwe kumunda, ankagwira akalulu ndi ntchenzi, ndipo chilimwe ankapita nawo ku uzimba. Sanamangidwepo unyolo. Chakudya chake chinali mkute, mitu ya matemba a ku Chilwa, ndi matumbo a nyama imene wagwira, popeza mlenje weniweni sankamana galu gawo lake. Anakhala zaka zoposa khumi. Agalu oterewa ife timawanyoza kuti "achikuda" kapena "am'mudzi", koma ku South Africa anawapatsa dzina loti Africanis, ndipo mu 1998 anakhazikitsa bungwe lowateteza. Zaka mazanamazana za dzuwa, nkhupakupa ndi njala zinawasefa mpaka kutsala olimba okhaokha.

Ntchito ya ulenje inayamba kuchepa m'nthawi ya atsamunda. Mu 1897 boma la Britain linalengeza kuti dera la nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh ndi malo osungira nyama, ndipo malamulo a ulenje anapitiriza kukhwima. Titalandira ufulu, nkhalango ya Liwonde inakhala paki mu 1973. Anthu anachuluka, tchire linasanduka minda, nyama zinatha. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa paki ya Liwonde ndipo linaizinga ndi waya wamagetsi. Lero kulowa ndi galu m'menemo ndi mlandu. Choncho galu amene anali mlenje anasanduka mlonda, ndipo mlonda timamufuna wamkulu ndi woopsa.

Apa ndi pamene agalu achizungu anatchukira. German Shepherd ndi mtundu wa dzulodzuloli, unakhazikitsidwa ndi Max von Stephanitz mu 1899 kuti uziweta nkhosa ku Germany. Rhodesian Ridgeback malamulo a maonekedwe ake analembedwa ku Bulawayo mu 1922, ndipo chodabwitsa n'chakuti mzere wa ubweya wa pamsana pake anautengera kwa agalu a Akhoikhoi, agalu am'mudzi omwewa. Boerboel ndi wa m'mafamu a ku South Africa. Mtundu uliwonse unapangidwira ntchito yake, nyengo yake ndi thumba la mwini wake.

Ine zimenezi sindinaziganizire. Nditangosamukira ku Balaka ndinagula kagalu m'mbali mwa msewu ku Blantyre kwa mnyamata amene analumbira kuti ndi German Shepherd weniweni. Kanali kaubweya wambiri, kokongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba yanga inalibe mpanda, ndiye ndinamumanga unyolo pansi pa mtengo. Inu mukudziwa kutentha kwa Balaka mu Okutobala. Galu ankangokhalira wefuwefu, lilime panja. Atakula ankadya kuposa ana anga awiri, ndipo malipiro a mphunzitsi akafika pa 20 mwezi amakhala atapita. Ndinayamba kumuphikira phala la gaga lokhalokha, m'mawa ndi madzulo.

Tsiku lina anadula unyolo n'kukalowa kwa anansi athu, banja la Chisilamu, nakanyambita mbale zawo. Bambo a pakhomopo anabwera mwaulemu nati, "Aphunzitsi, ife galu sitidana naye, chipembedzo chimalola wolondera ndi wosakira. Koma chiwiya chimene wanyambita timachitsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Mayi akunyumba atopa." Ndinachita manyazi. Ndinakhala pakati pa Ayao kuyambira ubwana, koma pogula galu sindinaganizire anansi ngakhale pang'ono. Patapita miyezi galu uja anadwala. Nkhama zinayera, mkodzo unada, anasiya kudya. Alangizi a ziweto atabwera anati ndi matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa, ndipo thupi linali lofooka kale chifukwa cha kadyedwe. Anafa asanakwanitse zaka ziwiri. Mwana wanga wamkazi analira masiku atatu.

Kodi nsima ndi yoipa kwa galu? Ayi. Mu 2013 akatswiri a ku Sweden anapeza kuti agalu amagaya zakudya za ufa bwino kuposa mimbulu imene anachokerako, chifukwa akhala ndi alimi nthawi yaitali. Agalu a makolo ankadya nsima ya mapira chimanga chisanabwere kuchokera ku America pambuyo pa chaka cha 1500. Chakudya cha galu chogula m'sitolo n'chatsopano, James Spratt anayamba kugulitsa mabisiketi a agalu ku London cha m'ma 1860. Vuto langa silinali kusowa thumba la ku sitolo. Tilekeni ankadya nsima ndi ndiwo, ndipo zina ankadzipezera kutchire. Galu wa pa unyolo amadya chokhacho chimene mbuye wake waika m'mbale. Gaga yekha ndi njala yokhuta.

Pano ndili ndi galu wam'mudzi amene ndinatenga kwa achimwene ku Machinga. Ndimamuphikira mgaiwa wosakaniza ndi ufa wa soya wokazinga, zinyenyeswa za usipa kapena bonya, ndi masamba a maungu. Akapha mbuzi kumsika ndimagula mapapo ndi matumbo n'kuwiritsa. Wamkulu amadya kawiri pa tsiku, mwana wagalu katatu kapena kanayi, ndipo madzi sachoka pamthunzi. Anyezi, chokoleti ndi mafupa ophika a nkhuku sindimupatsa. Mankhwala a njoka za m'mimba amamwa miyezi itatu iliyonse, ndipo nkhupakupa sindizilekerera.

Mbiri ya galu ili ndi mbali ina yowawa, ya chiwewe. Louis Pasteur anapereka katemera woyamba kwa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, pa 6 Julaye 1885, komabe bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Anayi mwa khumi alionse amakhala ana osakwana zaka 15, msinkhu wa ana anga a Fomu 1. Mu 2007 Dr Macpherson Mallewa ndi anzake anaonetsa kuti ana ena amene anamwalira ku Blantyre akuganiziridwa malungo a mu ubongo anali ndi chiwewe. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linatemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20, kenako ntchitoyi inafika ku Zomba ndi Chiradzulu. Agalu 70 mwa 100 alionse akatemeredwa, matendawa amasowa poyenda. Galu akaluma mwana, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro zikayamba, mankhwala palibe.

Ndiye musanatenge galu dzifunseni mafunso amene ine sindinadzifunse. Mukumufunira ntchito yanji? Muli ndi mpanda? Pa 25 mwezi adzadya chiyani? Nyengo ya kwanu aipirira? Anansi anu ndi otani? Katemera wa chiwewe mudzamupititsa chaka ndi chaka? Ngati muli ndi bwalo lalikulu ndi thumba lokwanira, galu wachizungu si tchimo. Koma kwa ambiri a ife a ku Ulongwe, Ntaja, Utale ndi Nsanama, galu wotiyenera ndi uja akugona pa phulusa kuseri kwa khitchini.

Mnyamata uja ndamuuza kuti patchuthi akafunse agogo ake maina a agalu amene anawetapo ndi matanthauzo ake, adzatiwerengere m'kalasi. Nanunso amene muli ndi agogo, afunseni akadali moyo.